Hutala ikafa, musathamangire kuika batani pa dashibodi

Mukakwera Sienta zonyamula anthu kapena minibasi zakale, muziponyako maso kudzanja lamanja la dalaivala. Simudzakwera zambiri musanaone kabatani kofiira katamangidwa pa dashibodi, mawaya awiri akulendewera kunsi kwake, okulungidwa tepi yakuda. Imeneyo ndiye hutala ya galimotoyo. Ya pachiwongolero inaleka kulira kalekale.

Kabatanika kamabwera mofanana kulikonse. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yatsala pang'ono kutha, mwini galimoto adina pakati pa chiwongolero, kuli zii. Athamangira kwa mnyamata wa zamagetsi kuseri kwa msika. Mnyamatayo asolola fyuzi, ili bwinobwino. Agunditsa waya wa hutala ku batire, ilira mpaka oyandikira kutseka m'makutu. Kenaka apukusa mutu: "Bwana, vuto lili m'chiwongoleromu, ndipo kutsegula m'menemu ndi chintchito. Tingoika batani, muzipita." Pakutha mphindi 20 galimoto ikulira, ndalama yapita yochepa, aliyense wakondwa.

Mnyamatayo sananame, vuto lilidi m'chiwongolero. Chimene sananene, mwina poti sanafunsidwe, n'chakuti chinthu chimene chaduka m'menemo sichinyamula moto wa hutala wokha. Koma tiyambe ndi hutalayo, chifukwa ambiri amene amailiza kuyambira m'mawa mpaka madzulo sanaionepo n'komwe.

## Chimene chili kuseri kwa bampala

Tsegulani boneti, musuzumire kutsogolo kwa rediyeta kapena kuseri kwa bampala. Mupeza kachitsulo kakuda kozungulira, ka masentimita 8 mpaka 10, nthawi zambiri tiwiri. Mkati mwake muli koilo ya waya wa kopa, kachitsulo kokokedwa ndi koiloyo, chimbale chachitsulo chopyapyala, ndi timapointi tiwiri togundana.

Moto ukalowa, koilo imasanduka maginito n'kukoka kachitsulo pamodzi ndi chimbale chija. Pokokedwapo timapointi timalekana, moto uduka, maginito atha mphamvu, chimbale chibwerera. Chikangobwerera, timapointi tigundananso, zonse n'kuyambiranso. Zimachitika ka 400 kapena ka 500 pa sekondi imodzi, ndipo kunjenjemera kwa chimbaleko ndi kumene makutu athu amamva. Mulibe injini, mulibe mafuta, mulibe choti n'kuthira. N'chifukwa chake hutala imatha kukhala zaka zambiri osakhudzidwa, bola madzi asalowemo.

Zikakhala ziwiri, imodzi imalembedwa H, ina L. Ya H ndi ya mawu aang'ono, imanjenjemera cha m'ma 500 pa sekondi, ya L ndi ya mawu aakulu, cha m'ma 400. Zikalira pamodzi mawu amadzaza. Ikafa imodzi, galimoto imalirabe, koma mawu apyapyala moti wapansi amayesa kukubwera njinga yamoto, ndipo sasuntha kwenikweni. Eni galimoto ambiri amayenda chaka chonse ndi hutala imodzi osadziwa.

Mitundu yake yodziwika ndi iwiri. Yafulati imalira mokuthwa ndipo siivutika ndi fumbi. Ya nkhono ili ndi kalipenga kapulasitiki kopiringizika, mawu ake ndi ozama, okoma, koma kalipengako kamasunga madzi ndi matope.

Pachivindikiro cha bokosi la mafyuzi simupeza mawu akuti hutala. Mupeza HORN, kapena chithunzi cha kalipenga. Pachingelezi mawu amenewa ndi a nyanga ya chiweto. Anthu ankaboola nyanga n'kumaomba, dzinalo linatsatira malipenga achitsulo, n'kudzafika pa galimoto zoyambirira zimene zinali ndi kalipenga ka mpira wofinya ndi dzanja. Zamagetsi zinabwera pambuyo: Miller Reese Hutchison wa ku America analembetsa ya mtundu wa Klaxon mu 1908, ndipo kampani ya Bosch ku Germany inayamba kugulitsa yake mu 1921. Ku Johannesburg mukati "hooter" akumvani. Koma pofufuza pa intaneti kapena poitanitsa ku Japan, lembani "horn" pamodzi ndi dzina la galimoto ndi 12V, apo ayi akuonetsani nyanga za ng'ombe ndi malipenga a bandi.

## Njira imene moto umadutsa

Pa galimoto zambiri za ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu, moto umachoka ku batire, udutsa pa fyuzi ya 10A kapena 15A, ufika pa relay (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi), n'kupita ku hutala. Pobwerera umadzera m'bodi ya galimoto, imene amisiri amati earth. Hutala ya waya mmodzi imapeza earth pa bawuti limene laimangirira. Ya mawaya awiri ili ndi waya wakewake wobwerera.

Pa galimoto zotere, moto waukulu wa hutala sudutsa m'chiwongolero ayi. Hutala imodzi imadya ma amp 3 mpaka 5, ziwiri ndi kuwirikiza, ndipo moto wotere ukanamadutsa pa timapointi ta pachiwongolero bwenzi titapsa msanga. Ndiye ntchito ya relay imeneyo. Mukadina pakati pa chiwongolero mumangogunditsa waya wopyapyala ku earth. Kamoto kosakwana theka la amp kadutsa m'koilo ya relay, relay itseka, moto waukulu n'kudutsa kupita kutsogolo.

Choncho njira zilipo ziwiri: yolamula, yochokera pachiwongolero kufika pa relay, ndi yonyamula moto, yochokera ku batire kufika ku hutala. Kufufuza vuto konse ndi kungodziwa kuti mwa ziwirizi yaduka ndi iti.

## Fufuzani motsatana, musadumphe

Mufunika munthu wachiwiri wodina hutala, babu la 21W lokhala ndi mawaya awiri, sipanala ya 10 ndi ya 12, ndi kachidutswa ka sandipepa. Toyota zambiri zimalira ngakhale kiyi atazimitsa, koma galimoto zina za ku Ulaya zimafuna kiyi atatsegula, ndiye tsegulani kiyi musanaweruze.

Yambani ndi fyuzi, poti ndiyo yotsika mtengo. Isololeni muiyang'ane padzuwa. Pa Toyota zina zakale inalembedwa HAZ-HORN, kutanthauza kuti imagawana ndi mahazadi, ndiye mukaona kuti hutala ndi mahazadi zafera limodzi, mwadziwa kale pothamangira. Yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso pompo, pali waya amene wasupuka n'kugunda chitsulo, ndipo kuika fyuzi yachitatu ndi kungotaya ndalama.

Fyuzi ili bwino, ikani chala pa relay ya hutala, mnzanu adine. Apa ndi pamene nkhani imagawikana. Mukamva kuti tha, ndiye kuti chiwongolero ndi waya wake zili bwino, ndipo nthawi zambiri vuto lili kutsogolo. Mukapanda kumva kanthu, sinthanitsani relay imeneyo ndi ina yofanana nayo ndendende ya m'bokosi lomwelo. Ikakhalabe chete, vuto lili mbali yolamula, cha kuchiwongolero. Galimoto zina zatsopano zili ndi relay yomatiridwa mkati mwa bokosi yosazuka, ndiye apo mungomvetsera ndi khutu.

Tinene kuti relay ikugunda. Pitani kutsogolo, zulani pulagi ya hutala, mulumikize babu lija pakati pa waya wa moto ndi bodi. Mnzanu adine. Ndikuti babu, osati multimeter (chipangizo choyezera magetsi), pa chifukwa ichi: waya wodyeka ndi dzimbiri, wotsala ndi tiwaya tiwiri tokha, amaonetsabe 12V pa multimeter chifukwa chipangizocho sichidya moto. Babu la 21W limadya pafupifupi ma amp awiri, ndipo pa waya wotere limangofiira. Amisiri ambiri amanamizidwa pamenepa, n'kugulitsa mwini galimoto hutala yatsopano imene silira.

Babu lawala bwino, kwatsala earth ndi hutala yeniyeniyo. Masulani bawuti lomangirira, mukwechepo ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale mbali zonse, mumangenso zolimba. Hutala zambiri zimene zimatayidwa zimakhala zamoyo, zinangosowa earth. Galimoto imene inapentedwa itachita ngozi imavuta pomwepa, chifukwa penti imakhala pakati pa bawuti ndi bodi.

Ikakanabe, igogodeni ndi chigwiriro cha sikuludiraiva mnzanu akudina. Ikadzidzimuka n'kulira, timapointi tamkati tachita dzimbiri. Zambiri zili ndi kasikuluwu kuseri kosinthira mpata wa timapointi. Potozani pang'onopang'ono, kota imodzi n'kuyesa, kota ina n'kuyesa. Mukapotoza kwambiri timapointi sitilekananso, koilo itentha n'kupsa. Kugogodaku kumakupatsani milungu, osati zaka.

Hutala yosasa mawu ili ndi zifukwa zake. Madzi a kokwechetsa galimoto, makamaka a paipi yamphamvu, amalowa m'kalipenga ka ya nkhono. Mavu amamangamo zisa zadothi galimoto ikakhalitsa osayenda. Nthawi zina yangopindikira n'kugunda bampala kapena rediyeta, ndipo hutala yogunda chinthu sinjenjemera bwino. Kachitsulo koimangirira kanapangidwa kofewa dala, ndiye musakasinthe ndi chitsulo chokhuthala chowotcherera. Pomanga ya nkhono, kukamwa kwake kuyang'ane pansi. Musaiwale batire: lodzaza limaonetsa 12.6V injini itazima, ndi cha m'ma 14V injini ikulira. Hutala ikamamveka bwino injini ikulira koma n'kumalira mofooka itazima, funsani batire.

## Chimene batani lija limabisa

Tsopano tibwere pamene relay sikugunda, fyuzi ili bwino, relay ina yayesedwa. Vuto lili m'chiwongolero.

Chiwongolero chimazungulira, mawaya a galimoto sazungulira. Pamafunika chinthu cholumikiza ziwirizi. Galimoto zakale zopanda airbag (thumba lofufuma pangozi kuti liteteze dalaivala) zinali ndi mkombero wa mkuwa ndi kamsomali kokhudza mkomberowo. Kamsomaliko kakadyeka, kukonza kwake n'kosavuta: kupukuta, kupaka girisi pang'ono, kapena kusintha kamsomali. Pa Hilux kapena Hiace yakale yotere, batani la pa dashibodi ndi ulesi chabe.

Galimoto za airbag zili ndi china, chimene amisiri amati clock spring, pomwe mabuku a Toyota amati spiral cable. Ndi kabokosi kapulasitiki kozungulira kokhala kuseri kwa chiwongolero. Mkati mwake muli lamba wopyapyala wa mawaya afulati, wokulungidwa ngati tepi ya telala. Mukakhotera uku amamasuka, mukakhotera uko amakulungika. Kutalika kwake kumalola kuzungulira pafupifupi kasanu, kawiri ndi theka mbali iliyonse.

M'lamba mmodzi yemweyo mumadutsa waya wa hutala, mawaya a mabatani a wailesi ngati alipo, ndi mawaya awiri ophulitsa airbag ya dalaivala. Onse ndi a msinkhu umodzi, apindika kofanana, atopa kofanana. N'zotheka kuti waduka wa hutala yekha, a airbag akadali amoyo. Koma chimene chadula mmodzi sichinasiye enawo, ndipo nthawi zambiri lamba amang'ambika yense. Zikatero, tsiku la ngozi kompyuta idzatumiza moto ku airbag, moto sudzafika, ndipo chifuwa cha dalaivala chidzakumana ndi chiwongolero.

Galimoto imanena yokha. Mukatsegula kiyi, getsi la airbag pa dashibodi liyenera kuyaka masekondi pafupifupi 6 n'kuzima. Likakhala chiyakire, pali vuto. Likapanda kuyaka n'komwe, vuto ndi lalikulu kuposa pamenepo, chifukwa mwina wina anachotsa babu kapena kumata tepi kuseri kuti wogula asaone. Palinso ena amene amalowetsa ka resistor ka ma ohm awiri kapena atatu pa pulagi, kompyuta n'kumayesa kuti airbag ilipo ndipo ili bwino. Getsi lizima, mwini galimoto akondwa, koma palibe chakonzedwa. Ameneyo si mmisiri, ndipo sindiona chifukwa chomunenera mofatsa.

Chizindikiro china chimabwera msanga, lamba asanadukiretu: hutala imalira chiwongolero chikakhala mbali ina, n'kukana chikawongoka, kapena imadukiza mukamakhota. Yesani galimoto itaima. Dinani, muzizunguza chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku. Ikamalira modukiza, mwapeza.

Lamba ameneyu samangotha ndi ukalamba. Kawirikawiri amaphedwa ku galaja. Makaniko amasula rack (chitsulo chokhotetsa matayala) kapena shafiti ya chiwongolero, chiwongolero chitsala chopanda chochigwira, wina achizunguza posewera kapena pofuna malo, lamba afika pamapeto n'kuduka. Kapena achibwezeretsa chitazungulira kamodzi, galimoto ituluka bwinobwino, koma pa kona yoyamba yokhota mpaka kumapeto mumva kuti thapu. Hutala ikafa sabata yomweyo imene galimoto yachokera kokonzetsa zam'munsi, musafufuze patali. Mankhwala ake ndi aulere: asanamasule shafiti, awongole matayala n'kumanga chiwongolero ndi lamba wa pampando.

Batani lili ndi vuto linanso, la masamu. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, pa 50 imayenda mamita 14. Mwana akatulukira pamsewu, dzanja limadzimenyera lokha pakati pa chiwongolero, poti ndi pamene linazolowera. Pofika pokumbukira kuti hutala inasamukira pa dashibodi, n'kuchotsa dzanja pachiwongolero pa nthawi imene likufunika kwambiri, mamita amenewo apita. Amene wabwereka galimotoyo ndiye sadziwa n'komwe kuti batani lili pati.

Kaikidwe kake nakonso kamakhala koopsa. Ambiri amatenga moto ku batire mwachindunji, kudutsa pabowo la bodi popanda mphira, kulowa m'kabatani, n'kubwerera ku hutala, opanda fyuzi, opanda relay. Waya ameneyo akasupuka pabowo paja, palibe chomudula, ndipo amayaka kuseri kwa dashibodi. Ngati n'kofunikadi kuika batani kwa sabata imodzi podikira katundu, liikidwe pa waya wopyapyala wolamula relay, lizingogunditsa ku earth monga chimachitira chiwongolero.

## Kusintha clock spring

Si chintchito monga amanenera. Kwa mmisiri wozolowera ndi ola limodzi. Chofunika ndi ulemu pa airbag, chifukwa muli zophulika.

Imikani galimoto matayala atawongoka. Zimitsani kiyi, chotsani waya wa negativi ku batire, mudikire. Mabuku a Toyota amati masekondi osachepera 90, chifukwa kompyuta ya airbag imasungako moto batire litachotsedwa. Kudikira mphindi 5 sikunapheko munthu. Airbag imamangidwa ndi masikuluwu awiri a Torx m'mbali mwa chiwongolero, pa Toyota zambiri a T30, kapena ndi timawaya tokanikiza kudzera m'timabowo. Mapulagi ake amakhala ndi loko wofunika kutukula kaye, ndipo mawaya a airbag amadziwika ndi mtundu wachikasu. Musawayeze ndi multimeter kapena babu. Mukaichotsa, igonekeni patali, mbali ya chizindikiro cha galimoto itayang'ana kumwamba.

Lembani chizindikiro pa shafiti ndi pa chiwongolero kuti mudzabwezeretse pomwepo. Masulani nati yapakati, pa Toyota zambiri ya 19, koma musaichotseretu. Isiyeni pa mano angapo, mugwedeze chiwongolero mpaka chimasuke. Amene amachotseratu nati n'kukoka ndi mphamvu zonse amadzimenya nacho pakamwa.

Clock spring yatsopano imabwera ndi kapulasitiki koitsekera pakatikati. Musakathyole musanaimange. Ya kaunjika, yozulidwa pa galimoto ina, ndiyo yofuna kusamala, chifukwa simudziwa kuti yazunguzidwa kangati m'manja mwa ogulitsa. Izunguzeni ndi chala mofatsa kumanzere mpaka mumve kulimba, musakakamize, kenaka muibweze kumanja kawiri ndi theka mpaka timizere tiwiri ta pamwamba tiyang'anane. Pogula, tengani yakaleyo mufananize mapulagi ndi nambala, poti Vitz ziwiri za chaka chimodzi zimatha kusiyana malinga ndi mabatani a pachiwongolero. Pa galimoto zina kuseri kwake kuli sensa yoyeza kukhota kwa chiwongolero, imene imasamutsidwira ku yatsopano.

Polumikizanso batire, m'galimoto musakhale munthu. Tsegulani kiyi mutatambasula mkono, nkhope ili kutali ndi chiwongolero, muone ngati getsi lija layaka n'kuzima. Pa galimoto zina limafuna kufufutidwa ndi makina oyezera.

## Ofuna phokoso la thiraki pa Passo

Pali ena amene hutala yawo ili bwino, koma akuti silemekezeka pamsewu. Agula ziwiri zazikulu, kapena za kompuresa zija, n'kuzilumikiza pa waya wakale. Za kompuresa zimadya ma amp 15 mpaka 20, pomwe waya wakale anapangidwira fyuzi ya 10A. Fyuzi ipsa. Aika ya 30A, kapena akulunga yakupsayo ndi kawaya. Kuyambira pamenepo, chimene chidzapse ndi waya wa galimoto, mkati mwa mtolo wa mawaya ena.

Kaikidwe koyenera kamafuna relay yakeyake ya mapini anayi, ndipo manambala ake analembedwa pansi pake. Pini 30 ilandire waya wa 2.5 mm² wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batirelo, osapitirira masentimita 30. Pini 87 ipite ku hutala zatsopano. Waya wakale wa hutala apite pa 86, ndipo 85 ipite ku earth. Mukatero waya wakale amangolamula, katundu amanyamula waya watsopano. Za kompuresa zimafuna waya wokhuthalirapo, wa 4 mm². Mathiraki ndi mabasi aakulu ndi a 24V, ndiye hutala ya 12V ikaikidwa kumeneko imapsa, ya 24V ikaikidwa pa galimoto yaing'ono imangong'ung'udza. Phokoso lenileni la thiraki limachokera ku mpweya wa m'thanki, umene galimoto yaing'ono ilibe.

Koma phindu lake ndi lochepa kuposa mmene amaganizira. Hutala wamba imatulutsa kale ma decibel (muyezo wa kukula kwa phokoso) pakati pa 105 ndi 118 mukaima mamita awiri kutsogolo kwake. Kuwonjezera yachiwiri yofanana nayo kumangokweza ndi ma decibel atatu. Mtunda ukawirikiza, phokoso limatsika ndi ma decibel 6, ndiye amene amalandira ukali wonse si dalaivala wa galimoto yakutsogolo amene watseka magalasi n'kutsegula wailesi, koma mayi wobereka mwana amene waima pambali pa bampala. Masaireni ndi a ambulansi, apolisi ndi ozimitsa moto, ndipo kuika yofanana nawo ndi kudziitanira mlandu.

Anzathu a kabaza wa njinga zamoto, batire lanu ndi laling'ono. Hutala ya galimoto imalimaliza msanga, makamaka usiku nyali ikuyaka.

## Kuliza kwake

Kuno hutala imagwira ntchito zambiri: kuitana okwera, kupereka moni, kuperekeza akwati, kudzutsa mlonda pageti. Amene apita kukayendetsa kunja amadabwa. Ku Britain malamulo a pamsewu amaletsa kuliza galimoto itaima, komanso m'malo okhala anthu kuyambira 11.30 usiku mpaka 7 m'mawa, kupatula pamene wina akuika moyo pangozi. Ku South Africa lamulo limafuna kuti hutala izimveka pa mtunda wa mamita 90, ndipo muyezo umenewu ndi wabwino kuyesera galimoto iliyonse: mnzanu ayende masitepe aakulu 90, inu mulize.

Pa M1 luso lili pa nthawi. Wanjinga wosenza matumba a makala mulizireni mukadali kutali, kawiri mwachidule, kuti apeze mpata wotsikira m'mbali. Mukamulizira muli pamsana pake amadzidzimuka, atembenuza mutu, njinga n'kutsatira mutuwo kulowa mumsewu. Ng'ombe sizisamala za hutala, mbuzi zimathawira kulikonse, ndiye pa ziweto phazi likhale pa buleki. Pa kona yosaoneka kutsogolo m'misewu ya m'mapiri, lizani musanalowe. Mukaona masamba ataikidwa pamsewu, pali maliro, chepetsani liwiro ndipo dzanja lichoke pa hutala.

## Ikayamba kulira yokha

Izi zimakonda kuchitika usiku, kapena masana galimoto itakhalitsa padzuwa. Musayambe kumenya chiwongolero. Tsegulani boneti muzule fyuzi ya HORN kapena relay yake, n'chifukwa chake ndi bwino kudziwiratu pamene zili kusanade. Zikasowa, chotsani negativi ku batire ndi sipanala ya 10. Musachedwe, chifukwa hutala sinapangidwe kuti izilira mosalekeza. Pakapita mphindi zingapo koilo imapsa, ndipo ikapirira, batire ndilo limatha.

Kukacha, zulani relay muike ina. Phokoso likatha, yakaleyo inamatirira mkati, itayeni. Yatsopano ikangogunda yokha mutangoilowetsa, waya wolamula akugunda earth penapake: pulasitiki ya pachiwongolero yapindika ndi kutentha n'kukanikiza timapointi, kasipuling'i kamkati kathyoka, kapena lamba wa clock spring wang'ambika n'kukhudza chitsulo. Ngati galimoto ili ndi alamu yoikidwa kuno imene inalumikizidwa ku hutala, yambani mwazula pulagi ya alamuyo musanatsegule chiwongolero.